Duwa la Chinaka Linandifulatira

Usiku watha ndinalota mng'ono wanga Esinati, ndipo chidzukire mtima wanga sukukhala m'malo. Amayi anzanga a m'gulu lino, ndikudziwa kuti ena mwa inu maloto mumawatha, ndiye muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundiseka.

Ndiyambe ndafotokoza pang'ono, poti ena munakulira m'tauni, chinaka mumangochidziwa chili m'mbale. Chinaka ndi chomera cham'tchire, chimakonda madambo ozizira a kuno kumapiri a ku Dedza. Palibe amene amachidzala. Mvula ikakhazikika chimayala masamba awiri pansi, n'kutulutsa phesi lofika m'bondo, ndipo pamwamba pa phesilo pamathithikana maluwa ofiirira ngati usinini wa khanda. Pansi pa nthaka pamakhala timbatata tiwiri. Timeneto ndi timene timasinja n'kuphika ndi chidulo mpaka zitagwirana ngati chiwindi, n'kumadula zidutswa pamsika. Ine ndi Esinati tonse ntchito yathu ndi imeneyo, ndipo mabenchi athu ndi ogundizana.

Tili ana, dambo la Chimwang'ombe kumunsi kwa mudzi wathu linkachita kufiira ndi maluwa amenewa. Lero mbali ina ndi mizere ya mbatata ya kachewere, mbali ina ndi mabulugamu, ndipo pamene tinkachapira pali uvuni wa njerwa. Chinaka chinatha. Patsala malo amodzi okha kwinakwake kumtunda kumene chikumerabe, ndipo malo amenewo amayi athu asanamwalire anaonetsa Esinati yekha. Ine woyamba kubadwa ndimachita kugula timbatata tochokera kutsidya kwa malire, tofota kale, tina tabodza tosagwirana bwino. Mukasunga zimenezi, malotowa muwamva.

Ndiye malotowo anayambira pamsika. Ndinali pabenchi langa monga mwa masiku onse, chinaka nditachivundikira ndi nsalu yoyera. Nditavundukula ndinapeza sichinagwirane. Chinali ngati phala la mwana, chikuyenderera m'thireyi, chikutsika m'miyendo ya benchi mpaka kumapazi anga. Ndimati ndidule, mpeni umangomira. Pabenchi la Esinati panali mzere wa anthu wofika mpaka kumene amagulitsa mbuzi. Iye akadula chidutswa, pomwe wadulapo pamatuluka china. Pamzerewo ndinaona makasitomala anga a zaka ndi zaka: mayi a kuchigayo, aphunzitsi aja amene amanditchula kuti mayi awo, onse akundiyang'ana ngati sanandionepo. Kenako ndinaona amuna anga, bambo a Tadala, ali pamzere womwewo atanyamula mbale ya kunyumba kwathu. Ndinawaitana. Iwo anangondikweza dzanja kuti ndidikire kaye, angataye malo awo.

Esinati anali atavala malaya obiriwira aja anamupatsa anthu a zachilengedwe. Izi si za m'maloto zokha ayi, malayawo alipodi. Chaka chatha kunabwera alendo pagalimoto, akufunsa amene amadziwa za chinaka m'dera lino, ndipo mudzi wonse unaloza kwa Esinati. Anawatengera kumalo aja, anthu osawadziwa, malo amene ine mkulu wake bere limodzi ndinali ndisanawapondepo. Anamujambula atagwada pambali pa duwa, kenako anapita naye kumsonkhano ku Lilongwe, anakagona koyala nsalu zoyera. Ine ndinatsala ndikudyetsa nkhumba zake masiku anayi. Atabwera anandipatsa kasopo ka kuhotelako, kochepa ngati bokosi la machesi. Mpaka lero sindinasambire. M'malotomo malaya aja ankawala ngati wayatsa nyali m'kati mwake, ndipo aliyense wofika pabenchipo ankayamba wawagwira kaye asanagule.

Kenako msika unatha basi, sindikudziwa kumene anthu analowera. Ndinangopezeka ndili m'njira ya kudambo, ndikumutsatira Esinati chapatali, ndikubisala kuseri kwa chulu, kuchoka apo kuseri kwa chitsamba. Iye ankayenda wopanda nsapato, dengu pamutu, osatembenuka. Dambolo linali lakale lija, lalikulu mosaoneka mathero, madzi ozizira akufika m'akakolo, achule akulira, akakowa ali mbee. Mtima wanga unasangalala. Ndinati, kani dambo lathu lilipobe, anthu amangonama. Koma nditacheuka ndinaona kuti paliponse pamene ndachotsa phazi pakutuluka mzere wa kachewere. Ndikaponda, ndikachotsa, mzere. Wopalira kale, wothira feteleza. Pamene waponda Esinati madzi ankangobwerera n'kutseka ngati sipanadutse munthu. Ndinayesa kuponda m'mapazi mwake mwenimweni, koma sizinathandize. Ndinayesa kuyenda monyang'ama, mizere inangotuluka ing'onoing'ono.

A Jailosi, amene dimba lawo linagundana ndi lathu, anali pomwepo ndi khasu, atavala suti yawo ya kutchalitchi. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu, kufunsa ana, kufunsa bambo, kenako n'kundipempha kuti ndisunthe pang'ono chifukwa ndaima m'munda mwawo. Ndinasuntha. Anathokoza, anaunda mzere, n'kundipemphanso kuti ndisunthe. Mbali inayi mabulugamu ankayenda nafe limodzi, akumwa madzi ndi phokoso ngati ng'ombe zofika pamtsinje masana. Dambo linkachepa ndikuliona ndi maso. Akakowa anauluka, anazungulira kufuna potera, anasowa, n'kungopita. Pomaliza panatsala kanjira konyowa kongokwana munthu mmodzi, Esinati patsogolo, ine pambuyo, uku ndi uku fumbi lokhalokha.

Ndiye tinafika pamwala waukulu wong'ambika pakati. Esinati analowa m'mng'alumo chammbali, dengu osagwa pamutu. Ine ndinavutika, paja thupi langali mukulidziwa, koma ndinadzikankha, kukalika m'zigongono, mpaka ndinatulukira kuseri.

Anzanga, ndinaona chinaka. Malowo sanali aakulu, mwina ngati bwalo la pakhomo, kasupe akutuluka pansi pa mwala, koma maluwa anali psuu kuyambira apa mpaka uko, mapesi ataima tsonga, mame akadali m'masamba. Fungo lake linandikumbutsa ndili kamtsikana. Ndinafuna kulira. Esinati atangotula dengu, maluwa onse anatembenukira kwa iye, monga zimachitira nkhuku zikaona mwini wake watuluka ndi lichero. Akapita kumanzere, nawo kumanzere. Akawerama, amawerama. Ine nditasendera, duwa lomwe linali pafupi nane linandifulatira. Ndinalizungulira kuti ndilione kumaso, linatembenukanso. Ndinapita pa lina, chimodzimodzi. Ndinazungulira malo onsewo ndikungoona misana ya maluwa. Sindinkadziwa n'komwe kuti duwa lili ndi msana.

Pakati pa maluwawo panakhala amayi. Anatisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma m'malotomo sindinadabwe. Anali achitsikana kuposa ine, mano onse alipo, kakhasu kawo kokumbira chinaka kali pamwendo. Esinati anakhala pansi pakati pa miyendo yawo, iwo n'kuyamba kumuluka tsitsi. Ankamunong'oneza zinthu m'khutu, iye n'kumagwedeza mutu, nthawi zina onse awiri n'kuseka. Ndinatchera khutu koma ndinkangomva madzi a kasupe. Ndinagwada, ndinaomba m'manja.

"Amayi, ndabwera. Ndine Lusiya."

Sanandiyang'ane. Anafunsa Esinati kuti, "Kodi wabwera ndi yani?"

"Ndi achemwali, amayi."

"Uwauze aime komweko. Manja awo ndi ofulumira."

Mawu amenewo ndimawadziwa, sindinawamve koyamba m'maloto. Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinapeza ndekha malo ena a chinaka kuseri kwa dimba la amalume. Ndinakumba tsiku lonse, osasiya ngakhale kamodzi, mpaka dengu linadzaza. Ndinabwera kunyumba ndikuimba, ndikuti lero amayi andinyadira. Iwo anayang'ana m'dengumo nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga chaka chamawa ukakumba chiyani?" Paja lamulo lawo linali lakuti utenge kambatata kamodzi, kanzakeko ukabwezere m'dzenje ndi phesi lake n'kukwirira bwinobwino. Malo aja sanamerenso. Koma ndinali mwana, anzanga. Nthawi imeneyo Esinati ankayamwa chala. Sanakumbe chonse chifukwa khasu lenilenilo sankatha kulinyamula, koma ndi iye amene anakhala wa manja abwino mpaka amayi kulowa m'manda. Ine ndinawasamalira miyezi isanu ndi itatu akudwala, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zofunda. Tsiku limene anapezako bwino pang'ono, anandituma kuchigayo. Pobwera ndinapeza palibe, atapita kumtunda kuja atatsamira paphewa la Esinati.

Ndiye m'malotomo ndinaima komweko monga anandiuzira, ndikuyang'ana tsitsi la Esinati likulukidwa. Ndinadzigwira m'mutu, langa linali losapesa.

Kenako tinali kusikelo ya ana. Musandifunse kuti tinafikako bwanji. Tinali pansi pa mtengo uja amapachikapo sikelo, amayi ambirimbiri atakhala m'mizere, akuimba nyimbo zija amaimba asanayambe kuyeza ana. Esinati anali atabereka chinaka kumbuyo. Chimodzi chokha, ndi dothi lake, atachimanga bwinobwino ndi chitenje, duwa likusuzumira paphewa pake ngati mutu wa khanda. Mukudziwa kuti Esinati alibe mwana, papita zaka khumi ali pabanja. Ine ndili ndi anayi. Ndinene zoona poti ndayamba kale kunena zoona: ndi chinthu chokhacho chimene ndinkadzitonthoza nacho. Ndinkati iye ali ndi malo a amayi, ine ndili ndi ana. Koma apa amayi onse anasiya ana awo pamphasa n'kumuzungulira. Wina akuti wafanana ndi agogo ake, wina akuti taonani kufiira kwake, wina akumuikira kachipewa. Ine ndinali ndi ana anga onse anayi, ngakhale Tadala amene ali ku sekondale ndinali nditamubereka, miyendo ikukhweta pansi, koma palibe anandifunsa ngakhale dzina la mmodzi.

Anamwino anatsegula buku lalikulu n'kulengeza kuti mwana ameneyu watsala yekha m'dziko lonse, anzake onse anapita, ndiye alembe dzina la mayi wake. Ndinaimirira. Ndinati, lembaninso ine, ndine mayi ake aakulu, paja mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mawu sanatuluke. Ndinakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuuma, koma ankangotuluka mpweya. Anamwino analemba Esinati ndi zilembo zazikulu, tsamba lonse, n'kutembenuza tsamba lina, n'kulembanso Esinati.

Itafika nthawi yokweza pasikelo, amene anagwira sikeloyo sanalinso anamwino. Anali bambo uja wa njinga yamoto amene amazungulira m'midzi muno kugula chinaka chosaphika m'matumba, n'kumakagulitsa kutali. Ali ndi anthu ake okumba, ndipo kumene adutsa anthu amenewo kumatsala maenje okhaokha ngati kwafukula nguluwe. Anali atavala yunifolomu yoyera ya anamwino, koma chipewa chake cha njinga chili kumutu. Anayang'ana chinaka chija, anayang'ana ine, n'kunditsinzinira diso. "Mayi, paja tinamvana," anatero. Ndinayang'ana kumbali ngati akulankhula ndi wina.

Ndiye Esinati anaona kuti masamba ayamba kugwa mphwayi ndi dzuwa. Anamasula chitenje, n'kubwera kwa ine pakati pa anthu onsewo.

"Achemwali, tandigwirireni mwanayu, ndikatunge madzi. Ndibwera pompano."

Anandipatsa m'manja mwanga mwenimweni. Chinali chopepuka, chofunda, ndipo ndinkamva timbatata tija tikugunda m'dothimo ngati mtima. Esinati atangokhota pangodya, ndinathawa. Ana anga ndinawasiya pomwepo. Ndinathamanga m'minda ya kachewere, kudumpha mizere, kudutsa pauvuni wa njerwa ukuyaka, anthu akundiitana, ine osacheuka. Ndinkangoti mumtima, lero ndi changa, lero ndi changa. Sindinkafuna kuchiphika ayi, kapena kuchigulitsa. Ndinkangofuna chikhale changa, chindizolowere.

Ndinafika kunyumba. Inali nyumba ya amayi yakale ija, koma denga lake linali la malata anga. Ndinatseka chitseko, ndinatenga beseni losambitsira ana, ndinachidzala m'menemo. Ndinathira madzi a pamjigo. Ndinathira manyowa. Ndinachita kuchitenthetsera tiyi wamkaka, kuuzira kuti azizire, n'kuthira pang'onopang'ono ndi supuni. Ndinachiimbira nyimbo yomwe ndinkagonekera ana anga. Duwalo linangoyang'ana kuchitseko. Ndinatembenuza beseni kuti liyang'ane ine, linakhota khosi kubwerera kuchitseko. Ndinakakhala pachitseko pomwepo, linayang'ana pawindo. Ndinalichonderera, anzanga, munthu wamkulu ndi ana anayi, nditagwada pamaso pa udzu. Ndinaliuza kuti ndine woyamba kubadwa, kuti ine ndinalidziwa kale Esinati asanamere mano, kuti zija za dengu ndinali mwana. Silinandimvere. Linkangodikira mapazi a mwini wake.

Pamenepo mtima unandiphulika. Ndinagwira phesi ndi manja awiri n'kuzula.

Koma muzu sunathe. Unadutsa pansi pa beseni, unadutsa simenti, ukungobwera ngati chingwe cha pachitsime. Ndinakoka, ndinakoka. Ndinafuna kusiya koma manja ankangopita okha, liwiro lake ngati la munthu wopota chingwe. Ndipo pamene ndinkakoka, ndinaona pawindo kuti ndikukoka dambo lonse. Kanjira konyowa kaja kanabwera kakupindika ngati mphasa, ndi achule ake, ndi udzu wake, madzi akutayikira m'fumbi. Mwala wong'ambika uja unabwera ukugubuduka mpaka unagumula khoma. Ndiye nyumba panalibenso, ndinali nditaima kuseri kwa mwala kuja, pamalo a amayi.

Kasupe anali ataphwa. Dothi linali litang'ambika ngati la mwezi wa Okutobala. Anthu a bambo wa njinga uja anali ponseponse, akukumba mwakachetechete, palibe wolankhula, makasu okha akumveka. Matumba anali atandandalika, odzaza, osoka kukamwa. Maluwa anali atatayidwa mulu pambali ngati zinyalala za pamsika, ndipo mbuzi za anthu zinali zikudya. Ndinafunafuna amayi, panalibe. Pamene anakhala paja panali dzenje lofanana ndi maenje ena onse.

Esinati anali atagwada, ndowa ya madzi ija ili pambali pake, akukwirira maenje ndi manja, limodzilimodzi, ngakhale munalibe kanthu. Tsitsi lija analukidwa linali litamasuka mbali imodzi. Anadzutsa mutu n'kundiona. M'manja mwanga munali timbatata tiwiri totsiriza, tozizira, dothi likadali m'mbali.

"Achemwali, bwezerani kamodzi," anatero. "Kamodzi kokha. Kanzakeko tengani, ndi kanu."

Sanakalipe. Sanandifunse chifukwa chimene ndinathawira. Anangotambasula dzanja, nkhope yake ili phee, yachifundo, yomwe ija amandiyang'ana nayo pamsika chinaka changa chikatsala, akamati bweretsani ndikugulitsireni pabenchi langa. Akanandinyoza, akananditchula wakuba pamaso pa anthu aja, ndikhulupirira ndikanabweza. Koma ubwino wakewo ndi umene unandiotcha. Ndinati, ngakhale pano, zonse zitatha, iye ndiye wabwino, ine ndiye woipa, ndipo amayi kulikonse kumene ali akuona kuti sanalakwitse posankha.

Ndiye ndinaponya timbatata tonse tiwiri m'kamwa n'kumeza.

Timbatatato tinaima pakhosi. Sitinatsike, sitinabwerere. Ndinamva tikutupa, mizu ikuyenda m'chifuwa, ikufunafuna madzi. Okumba aja anasiya makasu n'kumandiyang'ana. Kenako china chake chinayamba kukwera, kukanda kummero, kukankha lilime, mpaka chinatsegula mano anga. Masamba awiri anayala pamasaya panga. Phesi linatuluka m'kamwa, likutalika ndikuliona pakati pa maso anga, ndipo kunsonga kwake maluwa anamasula, ofiira kuposa onse amene ndinawaonapo. Sindinkatha kupuma bwino koma ndinasangalala, anzanga, ndinasangalala kwambiri. Ndinati, tsopano chili mwa ine. Palibe angachikumbe, palibe angachijambule popanda kujambula nkhope yanga. Malo otsiriza a chinaka ndine.

Duwalo linagwedezeka pang'ono ngati mwana wodzuka kutulo. Linayang'ana uku, linayang'ana uko. Kenako pang'onopang'ono linakhota, likuchokera m'kamwa mwanga momwe, likumwa malovu anga omwe, n'kuweramira kwa Esinati mpaka kukhudza tsaya lake.

Ndinaluma phesilo ndi mano onse.

Ndiye ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera kale, bambo a Tadala akundigwedeza paphewa, m'kamwa mwanga muli magazi. Ndinali nditadziluma lilime.

"Kodi mukulimbana ndi yani, mayi a Tadala?" anatero. "Mumangokuwa kuti ndiyang'ane, ndiyang'ane. Ine ndakuyang'anani mpaka maso kuwawa, koma simumasiya."

Ndinatuluka kukachukucha m'kamwa.

Tsopano pali zina zoti ndikuuzeni kuti mumasulire bwino. Esinati sali m'gulu lino, ndipo amene amutumizire zimenezi ndimudziwa. Masabata awiri apitawa ndinamutsatiradi, masana, maso ali gwa. Malowo ndinawaona, ali kuseri kwa mwala wong'ambika womwe uja. Ndi ochepa kuposa a m'malotomo, ndipo mizere ya kachewere yatsala pang'ono kuwafika. Sindinakhudze kanthu, ndinangoima n'kubwerera. Koma Lolemba lapitali bambo wa njinga uja anaima pabenchi langa, Esinati atangomaliza kugulitsa chake chonse ine ndisanayambe n'komwe, ndipo pakamwa panga panatseguka. Sindinamuuze malo enieni. Ndinangoti ndikuwadziwa. Iye anati abwera Loweruka m'mawa ndi anthu ake, ndikawalondolere.

Ndiye lero, lilime likadali lotupa, ndapeza uthenga wamawu pafoni. Esinati. Akuti, "Achemwali, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti amalume akufuna kubwereketsa munda wa kumtunda kwa olima kachewere, mpaka pamwala paja. Ndekha sandimvera, koma inu ndinu wamkulu, mawu anu amawaopa. Tiyeni Loweruka ndikakuonetseni malo a amayi, muwaone ndi maso anu, kenako tikalankhule nawo limodzi. Ndinachedwa kukuonetsani, mundikhululukire."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudikira mawu amenewa. Ndawamvetsera kanayi. Ndimayesa ndilira ndi chisangalalo, koma chimene chinayamba kubwera mumtima n'chakuti: taonani, ngakhale kupepesa wayamba ndi iye.

Ndiye ndiuzeni, inu odziwa. Kumeza chinthu chamoyo m'maloto kumatanthauza chiyani? Nanga amayi aja, abwera kudzandichenjeza ine mwana wawo, kapena abwera kudzatchinjiriza wokondedwa wawo monga mwa nthawi zonse? Musandiuze kuti ndi nsanje basi, imeneyo ndikuidziwa, ndimadya nayo mbale imodzi. Lero ndi Lachinayi. Esinati akudikira yankho, bambo wa njinga naye akudikira lake, ndipo onse awiri akuona kuti ndili pafoni.